Kwadi Sikhota Yokha, Thandi

Kapata, Chipata

Thandi mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano iwe uli ku Nabvutika kokalukitsa tsitsi kwa msuweni wako. Ndati ndilembe, chifukwa ndikudziwa kuti ndikayamba kulankhula pamaso undidula ndi kaphwete kako kaja. Atate ako ali kuseri, akupukutanso sutikesi yako, ngati kuti fumbi la msewu wa ku Mambwe likaiona yoyera liichitira ulemu. Ndasangalala, mwana wanga, ndasangalala zedi. Mwana wanga ine, mlangizi wa ziweto! Lamlungu kutchalitchi ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Koma tsitsilo ndikhulupirira sakumangira chimtolo pamwamba pamutu, chifukwa chisoti cha njinga chiyenera kulowa mpaka m'makutu, ndipo lamba wake uzimanga nthawi zonse, ngakhale ukungopita kuseri kwa ofesi.

Pali mawu amene unanena patebulo amene andikhala pamtima. Utamva kuti kuntchitoko akakupatsa kwadi, njinga yamoto ya matayala anayi ija, yoti uziyendera m'midzi ndi katemera wa mbuzi ndi nkhuku, unati, "Aa, Amayi, imeneyo ndiye yosavuta. Kukoleji ndinkakwera ya matayala awiri. Ya anayi ingagwe bwanji?" Atate ako anatsamwa ndi tiyi, iwe sunamvetse chifukwa chake. Unali wamng'ono pamene ndinkagwira unamwino pa kiliniki ya ku Kasenengwa, ndipo zambiri sukuzikumbuka. Ndiye khazikika bwino m'basimo, uwerenge.

Kwadi yathu inabwera ndi bungwe lina lothandiza zaumoyo, chifukwa nthawi ya mvula galimoto silinkafika m'midzi ya kutsidya kwa dambo. Mnyamata amene anaibweretsa anandionetsa polizira, pothamangitsira ndi poimikira, basi n'kukwera galimoto lake kumapita. Linali tsiku la sikelo, amayi odzaza pansi pa mtengo wa mango ndi ana kumbuyo. Ine ndi yunifolomu yanga yoyera ndinakwera monyada, ndinati ndizungulire mtengowo kuti aone. Nditafika pokhota ndinapinda mahandulo monga ndimachitira pa njinga yakapalasa. Matayala akutsogolo anapindika ndithu, ndinawaona ndi maso anga, koma chinthucho sichinamve. Chinangopitirira molunjika, kukwekwereza mutu m'fumbi, mpaka khuu! mu mpanda wa dimba la kiliniki. Ndinapezeka ndili pakati pa matimati, chipewa cha unamwino chili pa mtengo wa mpanda. Mayi wina anati, "Anamwino, ameneyo si njinga, ndi nguluwe! Yanunkhiza dimba!" Phwete linamveka mpaka kusukulu. Kuyambira tsiku limenelo dera lonse linkaitchula Nguluwe.

Mvetsetsa apa, Thandi, chifukwa zonse zikuchokera pamenepa. Njinga ya matayala awiri imakhota popendekeka, iwe ukapendekeka nayo imatsatira. Kwadi sipendekeka. Ndipo zambiri mwa izo matayala ake akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, amazungulira mofanana ngati ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi. Pokhota, tayala lakunja liyenera kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati, koma chitsulo chija sichilola. Ndiye onse awiri amangokankha kutsogolo, akutsogolo aja n'kumatsetsereka ngakhale uwapinde chotani. Ukamva mutu wa njinga ukukana chonchi, usaganize kuti yawonongeka. Ndi chibadwa chake. Kwadi sikhota yokha, umaikhotetsa ndi thupi lako.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi a Mwale, makaniko wa kuno ku Kapata, amene anagwirapo ntchito pa famu ina ya fodya komwe kunali njinga zoterezi. Atabwera kudzawongola chitsulo chimene ndinapinda pa mpanda paja, ananditengera pabwalo la mpira la sukulu, naika zitini ziwiri patalipatali, nati ndizizungulire modutsa pakati. Ndinazungulira kamodzi, chitini phwa! Iwo anagwira mutu nati, "Anamwino, mwakhala ngati muli pa benchi ya tchalitchi kumvera ulaliki. Pepani mawuwa, koma pa njinga imeneyi matako amayenda." Ndinaseka mpaka injini inazima. Koma ankanena zoona. Ukayandikira kona, sunthira kutsogolo pa mpando, pafupi ndi thanki, kuti kulemera kwako kutsindike matayala akutsogolo agwire pansi. Chifuwa ndi mapewa upendekere mkati, mbali imene ukukhotera, koma phazi lakunja litsindike mwamphamvu popondera. Ukatero tayala lakumbuyo lamkati limapepukirako, limaterereka pang'ono, ndipo njinga imavomera. Tsiku limene ndinazigwira, Nguluwe inazungulira chitini mofewa ngati ikuvina chimtali, ana asukulu onse m'mawindo kuwomba m'manja, aphunzitsi awo n'kumawakalipira uku nawonso akusuzumira. Usachite manyazi kusuntha pa mpando, mwana wanga. Aseke amene akuseka. Ndipo chitenje uzichipinda m'chikwama, pa njinga uzivala thalauzi ndi nsapato zotseka.

Nditangodziwa pang'ono ndinayamba matama, ndipo matamawo ananditengera pa chulu. Njira ya kumudzi wina inali ndi kona ya mchenga, kunja kwake kuli chulu chachikulu chofiira. Tsiku lina ndinafikapo ndi liwiro, ndikuimba nyimbo ya kwaya m'chisoti. Nditaona kuti mutu ukukana, ndinachita zolakwika zonse pakamodzi. Ndinafinya buleki yakutsogolo ndili pakati pa kona, matayala anauma n'kuyamba kutsetsereka. Ndinapindiratu mahandulo mpaka kumapeto, zomwe zinangowonjezera kukwekwereza. Ndipo maso anga onse anali pa chulu, mtima ukuti, chulu icho, chulu icho. Ndinachipeza chulucho, Thandi. Chiswe chinatuluka kudzaona mlendo. Sindinavulale, koma ndinakhala pansi kwa kanthawi ndikudziseka ndekha. Tamvera tsono. Liwiro umachepetsa usanalowe mu kona, njinga ikadali yolunjika. Ukalowa, buleki isiye, mafuta ukhale nawo pang'ono mosasinthasintha, ndipo uwonjezere pokhapokha waona potulukira. Ngati mutu wayamba kukana, chepetsa mafuta pang'onopang'ono, sunthira kutsogolo, bwezako mahandulo pang'ono kuti matayala agwirenso. Ndipo maso! Njinga imapita kumene ukuyang'ana. Yang'ana njira, usayang'ane chimene ukuchiopa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene palibe amene adzakuuze. Mafuta a kwadi sumapotokola ngati pa njinga ya kukoleji ija, umakankha kachitsulo ndi chala chachikulu cha kumanja. Ukamakhotera kumanzere, mkono wamanja umatambasuka, ndipo chalacho chimakankha chokha iwe osadziwa. Njinga imalumpha pamene ukufuna ifatse. Chiphunzitse chala chako ulemu. Komanso phazi usaliike pansi njinga ikuyenda, ngakhale mtima ukuuze chotani. Pa matayala awiri phazi limapulumutsa, apa tayala lakumbuyo lili pomwepo, limaligwira n'kulikokera pansi pake. Mapazi pa zopondera, nthawi zonse.

Nkhani ya mpweya inandipeza kuno kutauni. Anaibweretsa Nguluwe pa lole kuti aisinthe oyilo, ndipo pobwerera tinaima pomwetsera mafuta. Mnyamata wa pamenepo anaona matayala akuoneka ofewa, anandimvera chisoni, nawapopa gwa ngati a galimoto. Ndinamuthokoza kwambiri. Mawa lake njinga inali ngati yalodzedwa. Inkadumpha ngati mpira pa kamwala kalikonse, mano anga kugundana, ndipo pa kona iliyonse ya miyala mutu unkangotsetsereka. Matayala a kwadi amafuna mpweya wochepa kwambiri, kuti aphwathalale agwire pansi. Ukawaumitsa amaponda ndi pakati pokha. Akafewetsanso amapindika m'mbali, chiwongolero chimalemera, mwinanso tayala n'kuvuka. Ndipo limodzi likasiyana ndi linzake njinga imakokera mbali imodzi, kumanja ikhota bwino, kumanzere ikana. Muyezo wake unalembedwa pa kapepala komata pa njingapo, utsatire umenewo, osati maso a munthu. Geji yoyezera matayala a galimoto simva mpweya wochepa chonchi. Ndakuikira yanga yaing'ono ija m'thumba la m'mbali la sutikesi, ndaikulunga m'sokosi. Uziyeza m'mawa usananyamuke, matayala asanatenthe.

Tsopano ndifike pa atate ako. Ndawafunsa ngati ndilembe, ati, "Lembani, koma munene kuti ndinali wolimba mtima." Anali wolimba mtima. Kunali msonkhano wa akulu a mpingo kumudzi umene ine ndinkakapereka katemera, ndipo njinga yawo yakapalasa inali itaphulika tayala. Anavala suti yawo yakuda ija, Baibulo m'khwapa, nakwera kumbuyo kwanga. Kupita tinayenda bwino chifukwa njira inali yotsetsereka ndipo ndinkayenda ngati kamba. Pobwerera anthu anatipatsa thumba la chimanga ndi maungu, tonse tinamangirira pa kaliyala wakumbuyo, pamodzi ndi bokosi la katemera, atate ako n'kukhala chotsamira katunduyo ngati bwana. Pa chitunda panali kona. Ndinapinda mahandulo, ndipo anali opepuka ngati palibe chimene akugwira, chifukwa kulemera konse kunali kumbuyo, matayala akutsogolo akungokhudza pansi mwa ulemu. Ndinafuna kusunthira kutsogolo koma atate ako anali atandigwira m'chiuno ngati ndikuthawa ukwati. Tinasiya msewu, tinalowa m'munda wa mpendadzuwa, maluwa kutimenya kumaso uku ndi uku, mpaka mzere wina unatiimitsa. Maungu anagubuduzika kubwerera kumudzi kumene anachokera. Atate ako anatsika mwakachetechete, anasasa suti, nachotsa duwa pa kolala, nati, "Amake Thandi, kodi msewu anausamutsira muno?" Kenaka anati, "Inu tsogolani, ine ndikufuna ndione bwino mbewu za anthu." Anayenda wapansi mpaka kunyumba, ndipo sanaikwerenso.

Timaseka lero, koma tikanatha kugubuduzika chagada, njinga n'kutigwera. Ndiye imva, mwana wanga. Mpando wa kwadi ndi wautali kuti iwe uzisunthapo, osati kuti pakhale wachiwiri. Kumudzi adzakupempha, adzati, "Alangizi, tangondisiyani pa mphambano." Ena adzakhala akuluakulu oti kuwakana n'kovuta. Gwada, pepesa, seka nawo, koma ukane. Katundu uzimugawa, wina kutsogolo wina kumbuyo, molingana ndi mmene analembera pa makaliyala, wolemera akhale pansi ndi pafupi ndi iwe, womangidwa kuti asagwedezeke. Bokosi langa la katemera ndinalisamutsira kutsogolo kuyambira tsiku limenelo, ndipo njinga inayamba kumva bwino pa kona. Ngati uzinyamula zolemera kawirikawiri, upemphe makaniko akulimbitsire sipuling'i yakumbuyo. Ili ndi timano tosinthira. Kumbuyo kukaleka kukhala pansi, mutu umaleka kuyang'ana kumwamba.

Zina ndingokuuza mwachidule, chifukwa nkhuku ili pamoto ikundidikira. Ngati yako ili ndi batani lopangitsa matayala onse anayi kukoka, uliyatse m'matope ndi mumchenga wambiri, koma ukatuluka pouma ulizimitse. Ine ndinayenda sabata yathunthu nditaliiwala, mapewa kuwawa, ndikudabwa kuti njinga yauma khosi bwanji. Ukagunda chitsa, ngakhale pang'ono, ukaonetse matayala akutsogolo, chifukwa amatha kuyamba kuyang'ana kosiyana, lina kuno lina uko. A Mwale ankayeza ndi chingwe chabe. Ugwedeze tayala ndi manja, likamachita gwedegwede pali chimene chatha, usadikire. Mano a matayala akutsogolo akasalala, ulimbikire kuofesi mpaka akupatse ena, usachite nawo manyazi mabwana. Ndipo pa tala uziyenda ngati wanyamula mazira. Anthu amaganiza kuti msewu wa tala ndiwo wabwino, koma pamenepo tayala lamkati lija silitha kuterereka, njinga imakana kenaka imagwira mwadzidzidzi n'kutukula mwendo. Za njovu za kuchigwa cha Mambweko sindidziwa kanthu, ukafunse eni ake ndipo ukawamvere.

Nkhani yomaliza sindinakuuzepo. Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa yambiri, kunabwera mwamuna pa njinga yakapalasa, matope mpaka m'mawondo, mawu osatuluka bwino. Mkazi wake, dzina lake Mailesi, anali atachira kunyumba chifukwa mtsinje unadzaza ndipo sakanatha kufika kukiliniki. Mwana anali bwino, koma magazi sankasiya. Ndinauza mnzanga aitane ambulansi, ndinatenga jakisoni ndi madiripi, ndinamangirira kutsogolo, n'kunyamuka. Kanjira kolambalala mtsinjewo, kosadutsa ngolo, kamatsika phiri, ndipo pansi pake pali kona yakuthwa, kunja kwake kuli chigwembe chakuya chimene madzi anakumba. Thandi, mtima wanga wonse unkakuwa kuti thamanga, munthu akufa. Chala chinkafuna kukankha mafuta mpaka kumapeto. Koma ndinadziuza mokweza, ndekha m'chisoti, kuti, "Esinati, ukalowa m'chigwembemo, Mailesi afa ndithu." Potsika ndinakhala chakumbuyo, ndinagwira mabuleki onse mofatsa njinga ikadali yolunjika, mpaka inatsala pang'ono kuima. Pofika pansi ndinasiya buleki, ndinasunthira kutsogolo, chifuwa mkati, phazi lakunja gwa, maso pa mtengo wa mkuyu umene unali potulukira. Chigwembe sindinachiyang'ane n'komwe, ndinangomva madzi akusokosa m'mbali mwanga. Matope anali oterera ngati therere, mutu unafuna kukana, kenaka unagwira. Njinga inakhota. Pamenepo ndiye ndinaipatsa moto.

Ndinamupeza Mailesi ali mbuu, milomo yoyera, amayi ake akulira pakhomo. Ndinabaya jakisoni, ndinatikita mimba, ndinaika diripi n'kuikoleka pa msomali wa pakhoma. Ndinakhala naye ndikumugwira dzanja, ndikumulankhula kuti asagone. Magazi anachepa, kenaka anasiya. Anatsegula maso nati, "Anamwino, mwabwera pa Nguluwe?" Ndinati, "Eya." Anati, "Ndinaimva ikubwera." Madzi atatsika anamutenga pa ngolo mpaka pamene ambulansi inaima, ndipo anachira.

Sabata yatha ndili pa msika wa Kapata ndikusankha kapenta, munthu anandigwira mkono kuchokera kumbuyo. Mayi wonenepa bwino, wovala duku lofiira, pambali pake mtsikana wamtali kundiposa. Sindinamuzindikire mpaka ataseka. Anali Mailesi, wabwera kudzagulitsa mtedza, ndipo mtsikanayo ndi mwana uja, ali ku sekondale. Tinakumbatirana pakati pa njira, a mawilibala kutikuwira kuti tipatuke. Nditamuuza kuti mwana wanga wapeza ntchito kuchigwa ndipo akamupatsa kwadi, anawomba m'manja n'kululuta msika wonse kutembenuka. Anatapa mtedza m'thumba, kudzaza chitenje changa, ine ndikukana, iye akuwonjezera. Anati, "Si wanu uwu, ndi wa mwanayo. Mukamuuze kuti kumene akupitako kulinso anthu amene azidzatchera khutu kumva njinga yake."

Ndaukazinga mtedzawo, ndathira mchere monga umakondera, uli m'chikwama chako cha m'manja. Udye m'basimo, ugawireko amene wakhala naye. Ukafika utiimbire foni, ndipo uyambe kulankhula ndi atate ako, chifukwa akhala ataigwira m'manja tsiku lonse akunamizira kuwerenga nyuzi. Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Uzifika kumene akukudikira, ndipo uzibwerako.

Ndine amayi ako,
Esinati